A Chidindo ndi Kompyuta Yochedwa Kudzuka

Ngati munagulitsapo kanthu m'tauni muno, kaya ndi nsapato kaya ndi misomali, ndiye kuti a Chidindo mumawadziwa. Dzina lawo lenileni lilipo, linalembedwa pa chitseko, koma amaliwerenga ndani? Ndi bambo aja amene amadinda ziphaso za malonda ku ofesi ya khonsolo, m'chipinda chakumapeto kwa khonde la pansi, pafupi ndi mpopi wodontha uja. Wometa, wosoka, wowotcherera zitsulo, wa golosale, onsewo amadutsa pa tebulo lawo.

Ndi aafupi, a dazi lonyezimira, ndipo tayi savula ngakhale kunja kutenthe motani. Kudinda kwawo nakonso si kwa masewera. Amayamba apukuta chidindo pa kansalu, kenako amachiuzira mpweya, haa, n'kukuyang'anani kumaso kuti aone ngati mwakonzeka. Ndiye phaa! Inki imakhala pamalo pake penipeni, osapendekeka ngakhale pang'ono. Chiphaso amakupatsani ndi manja awiri, n'kunena kuti, "Mukagulitse zoona zokhazokha." Mawu amenewa awanena kwa anthu ochuluka moti ena amawatsiriza okha iwo asanamalize.

Ntchitoyi anaiyamba tsitsi lidakalipo, nthawi imene zonse zinkalembedwa pamanja ndipo munthu ankaweruka zala zili bii ndi inki. Anakwatira, ndipo Mulungu anawapatsa mwana mmodzi wamkazi, amene pano ndi namwino. Moyo wawo unali wa njira imodzi: kunyumba, ku ofesi, kutchalitchi, kunyumba. Sanakwezedwepo pantchito, komanso sanadandaulepo. Anzawo akawafunsa ankangoti, "Akandikweza, azidinda ndani?"

Makompyuta oyamba atafika ku khonsolo, iwonso anapatsidwa yawo, pamodzi ndi pulinta yake. Pofika inali yoyera mbee, koma zaka zinaisandutsa yachikasu ngati mano a munthu wosuta fodya. Makompyuta anzake ambiri anafa, ena anasinthidwa ziwalo mpaka osadziwika, koma iyi inakakamira moyo, ndipo ofesi yonse inaipatsa dzina loti Mdala.

Mdala sankadzuka wamba. Unkayenera kukanikiza batani ndi chala chachikulu osachotsa, kwinaku ukumumenya khofi kumanzere. Kumanzeretu, osati kumanja, kumanja ankakwiya. Ukatero ankatsokomola, khoo, khoo, m'kati mwake n'kuyamba kulira ngati chigayo chakutali. Sikirini inkayamba yabiriwira, kenako yofiirira, kenako mdima, ndipo apa mlendo ankaganiza kuti zatha. Ayi ndithu, Mdala ankakhala akuganiza. Pamenepo a Chidindo ankanyamuka kupita kukhitchini ya ofesi kukawiritsa madzi m'ketulo, kutsuka kapu, kupereka moni kwa a mesenjala, kufunsa za odwala onse a kwawo mpaka apongozi, ndipo pobwerera ankapeza Mdala atangotsegula diso limodzi.

Chaka chimene mayi a kunyumba kwawo anamwalira, a Chidindo anazima. Kuntchito ankabwera ndithu, pa nthawi yake, koma tayi inali yopendekeka, chakudya cha m'kontena chinkabwerera kunyumba osachikhudza, ndipo ankadinda osauzira mpweya, osayang'ana munthu kumaso. Mawu aja a zoona zokhazokha anasowa. Mwana wawo anali kutali, kusukulu ya unamwino, kunyumba kunalibe woyankhula naye, ndiye ku ofesi nako anangotseka chitseko. Tiyi anasiya. Ankangokhala duu, kuyang'ana Mdala akusintha mitundu. Zinali zomvetsa chisoni, ndipo anthu ankadutsa pakhomopo monyang'ama.

M'masiku omwewo ndi mmene pulinta ya a Natayipi inafera.

A Natayipi ndi mayi amene amatayipa makalata a khonsolo, ndipo ofesi yawo ili m'mwamba, ukangomaliza masitepe kudzanja lamanja. Ndi aatali, magalasi awo amalendewera pa kachingwe pachifuwa, ndipo akaseka amamveka mpaka pa geti. Amuna awo anamwalira kalekale, ana analera okha mpaka onse anakula n'kubalalika. Tsiku lina m'mawa anatsika masitepe, kafulashi kosungiramo makalata a pakompyuta kali m'manja, n'kukankha chitseko cha a Chidindo osagogoda.

"Bambo, pulinta yanga yandikana, ndipo ya abwana ndi yokiyira. Ndithandizeni ndi yanuyi."

A Chidindo anangoloza Mdala ndi chibwano. Mdala anali asanadzuke.

"Amatenga nthawi yaitali bwanji ameneyu?" anafunsa a Natayipi.

"Yaitali."

"Ndiye tizingoyang'anana? Ketulo ili kuti? Ine kudikira kukhosi kuli gwaa sinditha."

Anapita okha kukhitchini n'kubwera ndi makapu awiri. Tsiku limenelo a Chidindo anamwa theka, chifukwa cha ulemu chabe. Mawa lake mayiwo anatsikanso ndi kafulashi kawo, mkuja wakenso chimodzimodzi. Pulinta ya m'mwamba ija anaifunditsa kansalu kofiira koluka okha, pamwamba n'kuikapo kamphika ka maluwa. Ku khonsolo chinthu chikafa palibe amene amafunsa kawiri, ndiye pasanapite nthawi anthu anaiwala kuti pansi pa maluwawo pali pulinta.

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse unali wa anthu awiriwa. Tiyi anayamba kupanga ndi a Chidindo eni ake, ndipo anadziwa osauzidwa kuti mayiwa amafuna mkaka wambiri, shuga wongolawitsa. Mpando wa alendo unali wouma, mwendo umodzi womanga ndi waya, ndiye tsiku lina anabwera ndi pilo watsopano n'kuikapo. Ankacheza za mawondo, za mvula, za ana osaimba foni, za kametedwe katsopano ka abwana. Mdala akadzuka ankatenganso nthawi yake powerenga fulashi, ndipo pulinta inkakoka pepala pang'onopang'ono, nthawi zina n'kulitafuna, moti ankayambiranso. Palibe amene ankadandaula. Tayi ija inawongoka, kontena inayamba kubwerera yopanda kanthu, ndipo tsiku lina anthu a pakhonde anamva haa, kenako phaa, n'kuyang'anana akumwetulira.

Zaka zinapita. Mwana uja anamaliza sukulu n'kubwera kudzagwira ntchito pachipatala chapafupi, ndipo iye maso ali nawo.

"Ababa, tayi yamaluwayi ndi ya chiyani? Mwayamba kutchenera kompyuta?"

"Ndi ya ntchito, iwe."

"Ntchito yake ndi yaitali, yovala magalasi?"

"Choka apa, ulibe mwambo!" anatero a Chidindo, koma pakamwa pankawakanika kutseka.

Mwanayo anaseka, kenako anawagwira dzanja. "Ababa, amayi tinawalira mokwanira tonse awiri. Inu mukudikira chiyani? Kanenenitu."

"Ndikanena mawa."

Ndipo sikuti ankanama. M'mawa uliwonse popita kuntchito ankasanja mawu m'mutu, awa poyamba, awa pakati, awa pomaliza. Koma Mdala ankapereka nthawi yochuluka kwambiri moti panalibe chothamangira. Ankayamba ndithu kuti, "Mayi, pali kanthu kena." A Natayipi ankatsitsa kapu n'kuwayang'ana. "Ee, bambo?" Mawu onse aja ankabalalika, ndipo a Chidindo ankangofunsa kuti, "Shuga wakwana?" Mayiwo ankati wakwana.

Ndiye linafika tsiku limene abwana anaitanitsa msonkhano wa onse. Abwanawa akakhala ndi nkhani yabwino amayankhula ataimira zala za kumapazi, ndipo tsikulo zidendene sizinagunde pansi.

"Anzanga, mavuto atha. Khonsolo yavomereza kuti makompyuta onse akalewa achoke. Aliyense alandira yatsopano, ndipo ofesi iliyonse ikhala ndi pulinta yakeyake. Zoyendayenda m'makonde ndi mafulashi zija zatha!"

Abale, chisangalalo chake! Mayi a ku ofesi ya zinyalala, amene kompyuta yawo inkazima munthu akangomenyetsa chitseko, anakweza manja kumwamba. Bambo a za misewu, amene yawo inkakana kuti chaka chasintha, anaimba likhweru. A mesenjala, ndi ukalamba wawo wonse, anavina mpaka chipewa chinagwa.

A Chidindo anawomba nawo m'manja, koma manja anali olemera. Pulinta yakeyake. Ndiye a Natayipi adzatsikiranji masitepe? Anasuzumira kumene anakhala mayiwo, koma iwo anali akupukuta magalasi, nkhope osaionetsa. A Chidindo anachita mantha, mantha enieni, oti m'mawa wawo uja awalanda iwo asananene kanthu.

Sabata yotsatira kunabwera katswiri wa makompyuta kudzaona zakalezo. Anali mayi wachangu wovala ovolosi, chikwama cha zida kumsana, mawaya ali lendelende m'khosi, moti pofika masana anali atapatsidwa kale dzina loti a Mawaya. Tsiku limenelo a Chidindo analawira. Anamupukuta Mdala ndi polishi wa pansi mpaka anawala, n'kumudzutsiratu kuti alendo amupeze ali maso. A Mawaya atalowa ndi abwana, a Chidindo anaimirira kutsogolo kwa tebulo manja ali kumbuyo.

"Uyu musavutike naye, mayi, ali bwinobwino. Yatsopanoyo mukapatse ena ovutika."

"Chabwino, bambo. Tiyeni timuzimitse ndione mmene amayakira."

"Kumuzimitsa? Masana ano?"

A Mawaya anali atazimitsa kale. Anadina batani kamodzi, mopepuka, ndi nsonga ya chala. Zii.

"Satero," anatero a Chidindo. "Amafuna ulemu ameneyu. Taonani."

Anakanikiza batani ndi chala chachikulu n'kukweza dzanja. Koma poti maso a abwana anali pa iwo, ndipo mtima unali kwina, khofi lija linagwera kumanja. Mayo! Mdala analira piii, osalekeza, fungo la fumbi lopserera linadzaza chipinda, ndipo kumbuyo kwake kunatuluka nalimata wonenepa amene anathawira kuseri kwa kalendala. A Mawaya anaseka mpaka anakhala pa mpando wa pilo uja.

"Bambo, mdalayu wagwira ntchito yake. Mulekeni akapume."

"Koma a Chidindo," anatero abwana akupukusa mutu, "anzanu onse akuvina. Inu mukumukonda chonchi bwanji Mdalayu?"

A mesenjala, amene anali atatsamira pa chitseko, anayankha ngati akuyankhula ndi denga. "Si Mdalatu amene akumukonda, bwana."

Abwana sanamve bwino, koma dazi la a Chidindo linachita thukuta mpaka m'khosi. Mdala anadzuka ndithu madzulo ake, koma a Mawaya anali atamuika kale chizindikiro cha choko.

Makompyuta atsopano anafika pa lole, m'makatoni oyera, ndipo ofesi yonse inanunkhira pulasitiki watsopano. Ena ankasenda kapepala konyezimira ka pa sikirini mwachifatse, ena anakana kusenda kuti isathe msanga. A mesenjala anapempha makatoni onse, ati nkhuku zawo ziziikiramo. Ya a Chidindo inali yopyapyala ngati buku la mwana wa sukulu, yakuda, yosatsokomola, ndipo pambali pake panali pulinta yake. Akalewo anawaunjika m'chipinda chosungira katundu. Mdala anamunyamula okha a Chidindo, atamukumbatira pachifuwa, osalola munthu kuwathandiza.

M'mawa mwake manja anachita zimene anazolowera. Anakanikiza batani mwamphamvu, dzanja linakwera kuti limenye khofi n'kusowa pomenya, ndipo anatuluka osacheuka. Ketulo, makapu, moni kwa a mesenjala, odwala onse mpaka apongozi. Pobwerera ndi makapu awiri anapeza sikirini ili bii.

Mtima wawo unalumpha ndi chimwemwe. Nayonso ndi yochedwa! Ngati kompyuta yake ili chonchi, ndiye kuti ndi mapulinta omwe ndi amphwayi, ndipo posachedwa amva nsapato zikutsika masitepe. Anakhala pansi, anawongola pilo, n'kumayang'ana mdimawo akumwetulira. Panja mzere unayamba kutalika. Wometa wina anasuzumira, ndipo iwo anamuuza mokoma mtima kuti, "Ikudzuka, achimwene, zatsopanozi sizifuna phuma." Tiyi analeka kufuka nthunzi, sikirini ili bii. A Mawaya atadutsa pakhonde, a Chidindo anawaitana mokweza kuti aliyense amve.

"Mayi, zatsopano zanuzi ndi zochedwa kuposa Mdala! Chiyatsireni m'mawa muja. Mukaonenso bwino mapulinta a m'mwamba, mwina nawonso sakugwira."

A Mawaya analowa n'kukhudza kambewa ka kompyuta ndi chala chimodzi. Sikirini inawala ngwee.

"Bambo, iyitu inadzuka inu musanafike ndi pachitseko pomwe. Inakudikirani, itaona kuti simukubwera, inagonanso."

Anthu a pamzere anafa nacho chiseko, wometa uja mpaka anagwira khoma. A Chidindo anaseka nawo, poti nanga akanatani? Koma chisekocho chitatha anamva kaphokoso kochokera m'mwamba, fwii, fwii, fwii, mapepala akutuluka motsatizana mu pulinta ya a Natayipi. Makapu onse awiri anamwa okha, ozizira.

Kunena zoona, makina atsopanowo anali abwino, ndipo iwonso anavomereza. Ukangolemba dzina la munthu, zonse za sitolo yake zinkabwera usanaphethire. Mzere umene unkafika pa mpopi unkatha dzuwa lisanakwere, ndipo amalonda ankatuluka akuyamika khonsolo, chinthu chimene sichinamvekepo chiyambire. Koma nthawi yotsalayo a Chidindo ankasowa nayo chochita. A Natayipi ankakumana nawo pa geti pokha.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

"Ndadzuka, kaya inu, mayi? Pulinta ikuyenda?"

"Ikuthamanga."

Mayiwo ankaima pang'ono ngati akudikira mawu ena, koma a Chidindo ankangoti, "Chabwino," aliyense n'kulowera kwake. Mumtima anayamba kudziuza kuti anadzinamiza okha. Mayi aja ankatsikira mapepala basi, ndipo mapepala akutuluka kwawo komweko. Tsiku lina anafika mpaka patsinde pa masitepe, fayilo ili kukhwapa ngati chonamizira, koma anabwerera. Munthu wa ziphaso akafunenji m'mwamba? Akakafunsidwa akayankhe chiyani, ndi dazi lonseli? Madzulo ake mwana wawo anawayang'ana n'kunena motsitsa mawu kuti, "Ababa, tayi yayambanso kupendekeka."

Lachisanu linali tsiku lonyamula zakale. A Mawaya anati sataya chinthu asanachiyese: zamoyo azikonza zipite ku laibulale, zakufa zikaphwasulidwe. Anaika tebulo pakhonde, pamene pali soketi, pafupi penipeni ndi chitseko cha a Chidindo, ndipo a mesenjala ankawabweretsera chimodzichimodzi. Anthu anatuluka m'maofesi kudzatsanzikana ndi adani awo akale. Kompyuta yozima ndi chitseko ija itayaka, wina anamenyetsa dala chitseko, ndipo inazima pompo, anthu n'kuwomba m'manja.

Kenako a mesenjala anabwera ndi pulinta yofunda kansalu kofiira, pamwamba pake pali chizindikiro chozungulira pamene pankakhala kamphika ka maluwa.

"Iyi musataye nayo nthawi, mayi. Ndi ya a Natayipi, inafa kalekale."

"Tiione kaye," anatero a Mawaya.

Anaitembenuza, kumbuyo kunalibe chingwe cha magetsi. Anakoka kabati ka mapepala kuti aone ngati muli mphemvu, ndipo anaima. M'katimo munali chingwe chija, chokulungidwa bwinobwino, chomangidwa ndi ulusi wofiira wofanana ndi wa kansalu kaja. Anachimasula, anachilumikiza, n'kudina batani. Kanyale kobiriwira kanayaka. Pulinta inang'ung'udza pang'ono, inakoka pepala limene anaipatsa, n'kulitulutsa lolembedwa bwino, loyera, lopanda ndi khwinya lomwe.

"Iyi inafa ndi chiyani?" anafunsa a Mawaya akukweza pepalalo. "Ilibetu vuto iyi. Munthu anachita kuzula chingwe, n'kuchikulunga, n'kuchibisa m'kati. Mbewa simanga mfundo yokongola chonchi."

Anthu pakhonde anayang'anana. Kenako mitu yonse inatembenukira ku masitepe, pamene a Natayipi anaima pakati, dzanja lili pa chitsulo chogwirira. Mayiwo anavala magalasi, anayang'ana pulintayo mwachifatse, n'kuwavulanso.

"Komatu yachira," anatero. Anatembenuka n'kukwera pang'onopang'ono, mutu uli chilili.

"Yachira!" anakuwa a mesenjala akumenya chipewa pa bondo. "Zaka zonsezi ili m'chipatala cha maluwa, lero yachira!"

Anthu anaseka mpaka misozi, koma a Chidindo sanaseke. Anali chiimire pachitseko chawo, chidindo chili m'manja, akubwerera m'mbuyo m'maganizo. Pulinta imeneyi inafa liti? Inafa nthawi ija chitseko chawo chinali chotseka, nthawi ija kontena inkabwerera yodzaza. Zaka zonsezi iwo ankaganiza kuti akuthandiza mayi wopanda pulinta. M'maso munachita nkhungu, koma anasangalala kwambiri.

Pa tebulo pawo panali wosoka wina akudikira chiphaso. "Achimwene, mundidikire pang'ono," anamuuza, n'kuika chidindo pansi. Anapita kukhitchini. Mkaka wambiri, shuga wongolawitsa. Atatuluka ndi makapu awiri, a mesenjala anatambasula manja kukankhira anthu m'mbali ngati wapolisi wa pamsewu. A Chidindo anakwera masitepe tiyi akutayikira m'sosala, koma sanaime.

Mu ofesi ya a Natayipi anali asanalowemo chiyambire. Mafayilo anali paliponse, pa shelefu, pawindo, pansi. Malo okhawo opanda fayilo anali mpando wina pambali pa tebulo, wopukutidwa bwino. Mayiwo anali atakhala manja ali pamiyendo, akuyang'ana sikirini imene inali itagona kale.

"Mayi, ndabweretsa tiyi."

"Mwabwera kudzapulinta chiyani, bambo? Yanu yafa?"

"Ili moyo. Ndilibe chopulinta. Ndangobwera."

"Khalani."

Anakhala, n'kuika makapu pa tebulo mosamala. "Chingwe chija, mayi."

"Ndinazula ndine," anatero a Natayipi osazungulira. "Munkatha, bambo, tonse tikuona. Ndikanabwera ndi chisoni m'manja mukanandibweza pakhomo, ndimakudziwani. Ndiye ndinabwera ndi fulashi. Ndinati mwezi umodzi wokha, akangoyamba kudya ndilumikizanso."

"Nanga mwezi utatha?"

"Mwezi utatha munabwera ndi pilo."

A Chidindo anagwira tayi, anaiwongola, ngakhale inali yowongoka kale. Mawu aja ankasanja m'njira onse anali atathawa ngati kale, koma ulendo uno sanawathamangire.

"Mayi, ine kuyankhula sinditha, mukudziwa. Koma m'mawa wopanda inu wandikanika. Ndimakukondani. Ndikufuna tiyi ameneyu tizimwera pakhomo pamodzi, mpaka Mulungu adzatiitane."

A Natayipi anawayang'ana, kenako anaseka chiseko chawo chija chomveka mpaka pa geti, misozi ikutsika, magalasi akudumphadumpha pachifuwa.

"Abale inu! Mdala ndinkamudikira, koma iye ankadzuka tsiku lomwelo. Inu ndiye mwamuposa!"

"Ndiye mukuti bwanji, mayi?"

Mayiwo anatenga kapu, analawa, n'kupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Shuga wakwana, musafunse. Ndavomera, bambo. Ndinavomera kalekale, ndimangosowa wondifunsa."

Pansi panabuka phokoso ngati timu yagoletsa, chifukwa a mesenjala anali atakhala pa sitepe yomaliza, khutu lili kuchitseko, akutumiza nkhani kwa a pakhonde ndi manja. Abwana anatuluka kudzafunsa chimene chachitika, ndipo atauzidwa anaimira zala za kumapazi. Lole inanyamuka ndi Mdala a Chidindo adakali m'mwamba, ndipo sanaione n'komwe.

Wosoka uja anali akudikirabe pamene iwo anatsika. Anapukuta chidindo pa kansalu, haa, anamuyang'ana kumaso, phaa! Koma mtima unali udakali m'mwamba muja, ndipo inki inakhala chopendekeka, koyamba chiyambire ntchito. Wosokayo analoza ndi chala modabwa. A Chidindo anayang'ana, anaseka, n'kumupatsa chiphasocho ndi manja awiri.

"Chigwira ntchito chomwecho, achimwene. Mukagulitse zoona zokhazokha. Ndipo musapite kutali, ndikufuna mundiyeze suti."